Dzanja Lamanzere la Anamwino

Amuna anga, a Twaibu, anali munthu wosayankhula. Zaka khumi ndi chimodzi m'banja, mawu okoma amene ndinamvapo kwa iwo ndi akuti "ndiwo zili bwino," ndipo apo n'kuti ndawafunsa kawiri. Ine ndine Kulusumu wa ku Senga Bay konkuno, pakamwa panga sipachedwa, aliyense amadziwa. Ndiye ndinangozolowera kuti Mulungu anagawa choncho, ine mawu, iwo chete.

Ankaphika pa hotela ina m'mbali mwa nyanja. M'chaka cha 1974 mzungu wokalamba amene ankayang'anira hotelayo anauzidwa kuti achoke m'dziko muno pasanathe masiku awiri, ndipo masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa. Katundu wolemera anangomugawa. Kwa a Twaibu anasiya galamafoni ya mabatire ndi mbale zake makumi awiri. Ine ndinasangalala, ndimati tizivina pakhomo. Kuvina kwake kuti? M'mbalezo munalibe ng'oma, munalibe woimba ndi pakamwa. Piyano yokhayokha, mwina ndi mavayolini olira ngati mphaka wotsekeredwa m'nkhokwe. Anzanga atabwera kudzamva anakhala kanthawi ndithu, kenaka mmodzi n'kufunsa kuti kodi nyimboyo iyamba liti.

Koma amuna anga zinawalowa m'magazi. Akaweruka, akaswali alasiri, pemphero lathu la chakumadzulo, ankakhala pampando wawo maso ali otseka mpaka mbale ithe. Ikatha ankatenga kope la chikuto chobiriwira n'kumalembamo, nthawi zina tsamba lathunthu.

Ndiye panabwera a Elsie. Anali namwino pa chipatala chaching'ono cha kwathu, kwawo ku Chitala, wosakwatiwa. Anaphunzira kwa masisitere, kumene anazolowera nyimbo zoterezi, ndipo anali ndi galamafoni yawoyawo. Tsiku lina amuna anga anapsa ndi mafuta pamkono, ndipo akuwamanga bala anayamba kung'ung'udza kanyimbo kuti aiwale ululu. Anamwino anakazindikira. Kuyambira pamenepo anayamba kubwerekana mbale, ndipo kope lija linkapita nawo. Iwo alembe maganizo awo pa mbaleyo, anamwino ayankhe m'munsi mwake.

Wonyamula anali ndani? Ine. Lachitatu lililonse ndinkapita kusikelo ndi Saida kumsana, m'chikwama muli khadi la chipani, khadi la mwana, mbale ndi kope. "Upereke kwa anamwino, usaike padzuwa, imapindika," ankatero amuna anga. Sankamata, sankamanga ndi chingwe. Amatirenji, poti wonyamulayo sadziwa ngakhale a?

Apo ndi pamene analakwitsa. Ine ndinali nditayamba sukulu ya kwacha mobisa. Kunyumba ndinkati ndikupita kukaphunzira nyimbo za chipani ndi amayi anzanga, ndipo mwamuna uti akanayerekeza kuletsa mkazi zimenezo? Theka la masanawo ndinkaimbadi, theka linalo ndili ndi pensulo. Cholinga changa chinali chabwino. Ndinkafuna kuti pa tsiku la Idi nditenge nyuzi ndiwawerengere a Twaibu, ndione nkhope yawo.

Lachitatu lina ndinakhala pansi pa mango m'njira ya kuchipatala n'kutsegula kope lija, kungofuna kuyesa maso anga. Ndinawerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Amuna anga analemba kuti:

"Mayi wa piyano uyu sathamanga. Bambo wa mbale ya sabata yatha uja ankaimba nyimbo yomweyi ngati akuthamangira sitima ku Salima. Koma mayiyu akafika pofatsa paja amaika zala ngati munthu wofunditsa mwana wodwala. Ndamumvera katatu ndipo mtima wanga sunakhute."

M'munsi mwake, ndi zilembo zowongoka za inki, anamwino anayankha kuti:

"Che Twaibu, bamboyo musamunyoze, kuthamanga kwake kuli ndi chimwemwe. Koma za mayiyo mwanena zoona. Inu mumamva zimene ena samva."

Mtima wanga sunakhute. A Twaibu omwewa, a "ndiwo zili bwino"? Ndinatembenuza masamba, kufunafuna mawu akuti ndimakukonda, kapena malo okumanira. Munalibe. Munali piyano, mavayolini, uyu wachedwa, uyu wafulumira, mbale iyi ikukanda pakati. Ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa. Chikhala chibwenzi ndikanathamangira kwa ankhoswe. Tsopano ndikanakawauza chiyani, kuti amuna anga akunyengana ndi namwino pa nkhani ya piyano? Akanandiseka mpaka ku Maganga.

Ndinene mosabisa, ndinachita nsanje yoopsa. Mkazi mnzanga ndikanamulandira, chipembedzo chathu chimalola, tikanagawana masiku ndi ntchito. Koma uyu sanatenge tsiku langa ngakhale limodzi. Anatenga mawu. Kani munthuyu mawu anali nawo nthawi yonseyi, okoma ndithu, ankangodikira wowayenera.

Za Idi zija ndinazisiya. Miyezi itatu ndinanyamula kopelo, ndikuwerenga pansi pa mango popita, ndikuwerenganso pobwera. Kuwerenga kwenikweni ndinaphunzirira momwemo, osati kusukulu. Kunyumba ndinkawayesa. Mbale ikamalira ndinkafunsa kuti, "Bambo a Saida, imeneyi ndiye yotani?" Iwo ankangokweza dzanja maso ali chitsekere, kuti ndikhale chete. Tsiku lina anayankhapo. Anati, "Izi si zako, make Saida, zingakupweteke mutu."

Lachitatu limene ndikufuna kunenali, ndinapeza anamwino dzanja lamanja lili m'bandeji mpaka m'chigongono. Anagwa pa njinga mumchenga pochokera ku Maganga. Anamuyeza Saida ndi dzanja limodzi, akumusekerera.

"Mayi a Saida, mukandipepesere kwa bambo," anatero. "Sabata ino sindilemba, ngakhale kuika singano pa mbale sindingathe. Bwererani nazo, mudzabwere nazo ndikachira."

Anali munthu waulemu mayi ameneyu, sanandilakwirepo, ndipo zimenezonso zinkandikwiyitsa.

Ndinafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, amuna anga ali kuntchito. Saida atagona ndinatsegula kope. Pa mbale ya tsikulo analemba kuti:

"Muno muli anthu atatu, vayolini yaing'ono, vayolini yaikulu ya mawu okhuthala, ndi piyano. Awiri a zingwewo amacheza ngati anthu odziwana mtima. Wina akayamba mawu mnzake amamalizitsa. Wa piyano amangoperekeza."

Ndinawerenga kawiri. Anthu atatu, awiri akucheza, wachitatu akungoperekeza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Galamafoni ndinali ndisanaigwirepo, koma ndinali nditaonerera kokwanira. Ndinaika mbale, ndinatsitsa singano, n'kukhala pamphasa ndi lichero la mpunga kuti ndizisankha miyala. Ndinkafuna ndimve awiri odziwana mtimawo kuti ndiwatukwane bwino.

Awiriwo ndinawamvadi, ankalandizana mokoma, sindingakane. Koma khutu langa linapita kwa wachitatuyo. Munthu ameneyo sankapuma. Awiriwo amati akaimba n'kupumula, kudikirana, iye ali pansi pawo kuthamanga uku ndi uku, kuwayalira poponda. Mbale ili pakati awiriwo anakhala chete, iye n'kutsala yekha. Anayamba kunena zake pang'onopang'ono, mwamanyazi, ndipo asanamalize vayolini yaing'ono ija inalowa pamwamba pake. Pamenepo ndinamva mawu apansi a piyano akugunda mwamphamvu, katatu. Ndinasiya lichero. Ndinabwezera singano poyamba, ndinamveranso, mpunga nkhuku zikudya.

Kenaka ndinatenga pensulo yanga imene ndinkabisa m'thumba la mchere. Sindinaganize za mawa. Ndinalemba m'munsi mwa mawu awo, pamalo pa anamwino, zilembo zikuluzikulu zopendama, lilime lili panja:

"Mukuti wa piyano amangoperekeza. Mverani bwino. Iye ndiye wasenza nyimbo yonse pamutu. Awiriwo akamacheza iye ali pa ntchito. Atasiya iye awiriwo angagwe. Pakati paja wapeza mpata woti anene zake koma amudula mawu. Wakwiya ameneyu. Sakufuna kukhala chete koma palibe womumva, ndiye akumenya pansi."

Zinanditengera nthawi yokwanira kuphika nyemba. Ndinatseka kope n'kuliika patebulo pamodzi ndi mbale, ndipo mantha anandigwira pamenepo.

A Twaibu anabwera, anaswali alasiri, anakhala pampando wawo. Ine ndinali pakhomo ndikupeta mpunga wotsala uja.

"Anamwino ali bwanji?" anafunsa.

"Agwa pa njinga. Dzanja lamanja lili m'bandeji."

Ndinati ndipitirize, koma iwo anali atatsegula kale kope. Anayang'ana tsambalo n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Koma mayi ameneyu," anatero. "Dzanja lothyoka, n'kulemba ndi lamanzere kuti asandikhumudwitse."

Anawerenga milomo ikugwedera, anawerenganso. Kenaka anadzuka, anaika mbale ija, ndipo ulendo uno sanatseke maso. Anaweramira pa galamafoni ngati munthu womvetsera pakhomo la eni. Itafika pakati paja, wa piyano atatsala yekha n'kudulidwa, anaimika chala m'mwamba. Kugunda kuja kunamveka katatu.

"Subuhana Llah," ananong'ona. Anatembenukira kwa ine, maso ali ndi misozi. "Make Saida, tabwera. Khala apa."

Zaka khumi ndi chimodzi, sanandiitanepo choncho. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo, lichero lili pamiyendo.

"Mbale iyi ndaimvera kakhumi," anatero, "ndipo munthu wa piyanoyu sindinamumvepo. Tamvera zimene alemba anamwino." Anayamba kundiwerengera pang'onopang'ono, mokoma, monga amawerengera shehe. Mawu anga omwe, m'kamwa mwa amuna anga. Anaima pakati n'kuti, "Ukuona? Zonse zimene tinalemba m'kope muno, ine ndi iwo, sizifika apa. Uyu ndiye munthu wa makutu. Amamva ndi mtima. Anthu otere Mulungu salenga ambiri."

Ndinamva kutsekemera ndi kuwawa nthawi imodzi. Ndikanatha kukhala chete, n'kusunga mawu amenewo ngati anga. Koma pakamwa panga, ndanena kale.

Atafika pakuti "Wakwiya ameneyu," ine ndinamalizitsa, maso ali pa mpunga. "Sakufuna kukhala chete koma palibe womumva, ndiye akumenya pansi."

Anandiyang'ana. Anayang'ana tsamba. Anandiyang'ananso.

"Anakuwerengera anamwino?"

"Ayi."

"Nanga ndani anakuwerengera?"

Ndinadzuka, ndinakatenga pensulo m'thumba la mchere. Ndinawalanda kope m'manja, chinthu chimene sindinachitepo, n'kulemba dzina langa m'munsi mwa mawu aja iwo akuona. Ku-lu-su-mu. Zilembo zomwezo, zopendama chimodzimodzi. Ndinawauza zonse, za sukulu ya kwacha, za pansi pa mango, za uthenga wa anamwino woti sabata ino salemba.

Ndinadikira. Wallahi, sindinkafuna zambiri. Akanangobwereza amodzi mwa mawu aja, ngakhale aja a makutu okha, akundiyang'ana ine.

Mbale inkazungulirabe. Misozi ija inauma. Anatenga kope, analiyandikiza kumaso, ndipo nkhope yawo inabwerera kukhala ya masiku onse. Anasolola cholembera m'thumba la malaya.

"Apa walemba kukala," anatero. "Ndi kukhala. Pamafunika h." Anaikapo. Chala chinatsika mzere wina. "Apanso. Ndiponso zilembo zazikulu sizikhala pakati pa mawu."

"Ndi zokhazo, bambo a Saida?"

"Wayesetsa," anatero osakweza mutu. "Koma usamalembe muno. Anamwino angaone ngati ndine."

Anang'amba tsambalo bwinobwino potsata ulusi, kuti kope lisaonongeke, n'kundipatsa. Kenaka anayamba kukopera ndime yawo ija pa tsamba latsopano, ndipo ndinawaona akusiya mzere wa wongoperekeza uja n'kulembapo kuti wa piyano ndiye wasenza nyimbo yonse pamutu.

Ndinatuluka panja ndi pepala langa. Pa moyo wanga ndachitirapo nsanje akazi okongola, akazi a amuna olemera, ngakhale mng'ono wanga weniweni. Koma sindinachitirepo nsanje chinthu chilichonse ngati mmene ndinachitira ndi dzanja lamanzere la a Elsie, dzanja limene silinalembe kanthu. Linayamikiridwa kwa mphindi zisanu ndi mawu amene ine sindidzawamvanso.

Lachitatu lotsatira anandipatsa mbale ndi kope monga mwa masiku onse. Kope linali lokulunga m'pepala la khaki, lomanga ndi chingwe cha ukonde, mfundo zitatu.