Sadaka ya Mayi a Seneta

Tsiku la sadaka munthu sasankha yekha. Ansembe amaliwerenga kuchokera pa tsiku la imfa, ndipo la mayi ake a Filofteia linagwa Loweruka, zisankho zili pakhomo.

Filofteia anali atakonza zonse monga mayi ake ankakonzera za ena. Matumba anali ndandanda pakhonde, lililonse muli buledi woluka, thaulo latsopano, mbale, ndi kapu ya tirigu wophika wothira shuga ndi mtedza. Chotsala chinali dzanja lopereka. M'mudzimo mwana wamwamuna ndiye amapereka thumba, kandulo ikuyaka, wolandirayo nkuyankha kuti, "Mulungu awakhululukire." Popanda zimenezi, chakudyacho sichifika kwa womwalira. Mwana wamwamuna anali mmodzi yekha, Petrache, mlongo wamng'ono wa Filofteia, amene anali seneta ndipo ankaimanso pa zisankhozo.

Anafika m'mawa ndi Sandu, mkulu wa kampeni yake. Sandu ataona matumbawo anatikita manja.

"Achemwali, achepa awa. Tiwonjezere, tiitane midzi yonse ya m'chigwa muno. Ndani angaloze chala munthu wolira mayi ake?"

"Sandu, kakhale m'galimoto," anatero Petrache.

Sandu atachoka, Petrache anakhala pa masitepe, ali mu suti yake yakuda yomweyo.

"Achemwali, matumbawa sindipereka kwa anthu a m'mudzi muno."

Filofteia anayamba waganiza kuti sanamve bwino. Kenako anakumbukira. Kale nyengo ngati ino zipani zinkabwera ndi malole, kugawa zidebe, ufa ndi mafuta ophikira. Petrache anavotera lamulo loletsa zimenezo. Anzake a m'chipani atafuna kuti maphwando a tchalitchi ndi sadaka asawerengedwe m'lamulolo, iye anavota kukana, ndipo ganizo lawo linagwa. Anamuchotsa pa mpando wa komiti sabata yomweyo. Filofteia anaonera zonsezo pa TV ali ndi mayi ake, amene anangoti, "Mutu wa bambo ake uwo," akumwetulira m'kapu ya tiyi.

Pa TV zinali zosangalatsa. Pakhonde lake sizinali choncho.

"Iwe Petrache, awa ndi amayi. Si chidebe."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa chiyani? Ndinawasunga ndine, ndinawatembenuza pabedi ndine. Iwe ntchito yako ndi imodzi, kutambasula dzanja. Apolisi abwera kudzamanga munthu pa sadaka?"

"Sangabwere. Nchifukwa chake ena amabisala kumbuyo kwa maliro. Ndinaimirira pamaso pa anthu nkunena kuti chimenecho nchiphuphu chovala zakuda. Lero ndinene kuti changa chokha nchoyera?"

"Chako nchoyera."

"Inu mukudziwa. Amene adzatengere chitsanzo kwa ine sadzafunsa."

Filofteia analowa m'nyumba kuti mlongo wakeyo asaone nkhope yake. Anaima pafupi ndi bedi lopanda munthu. Sankaopa miseche ya m'mudzi. Ankaopa kuti dzuwa lilowa mayi ake asanalandire kanthu.

Atachoka ku tchalitchi anthu anadzaza bwalo. Patsogolo panali mayi Zamfira, amene anasambitsa mtembo, ndodo ili m'manja, akudikira thumba loyamba monga mwa ufulu wawo. Petrache anavula chipewa nkuwauza onse kuti sapereka kanthu kwa munthu wokhala ndi voti mpaka zisankho zitadutsa, ndipo akadzawina kapena kuluza adzayenda khomo ndi khomo kudzawapatsa matumba awo.

Kenako mayi Zamfira anagogoda ndodo pansi.

"Ndiye ukuti voti yanga ingagulidwe ndi thaulo? Ndinakusambitsa uli ndi chipere, iwe."

"Ayi, azakhali. Yanu ndikudziwa kuti sinagwerepo kwa ine."

"Ndipo sidzagwa. Chipani chako ncha akuba."

"Ena mwa iwo, inde."

Anthu angapo anaseka, ena anang'ung'udza, awiri atatu anatuluka pageti osatsanzika. Sandu, ali m'galimoto, anagwira mutu.

Petrache anapita kuseri nkubwera ndi wilibala ya manyowa, atayalamo nsalu yapatebulo. Anayamba kulongamo matumba.

"Ukupita nawo kuti?" anafunsa Filofteia.

"Kumlatho. Kodi amayi sankati sadaka yabwino ndi ya mlendo wodutsa?"

Ankaterodi. Filofteia anatola makandulo ndi machesi nkumutsatira. Kumbuyo kwawo anthu anadza pang'onopang'ono, ambiri kuti akaone.

Kumlatho kunali amuna ochokera ku Nepal amene ankathira phula pa msewu, alendo opanda voti m'dzikomo. Anali m'mudzimo chiyambire chilimwe, akugona m'makontena, ndipo Filofteia anazindikira kuti sanamvepo dzina la mmodzi yemwe. Anali atakhala pamthunzi wa chigalimoto chopondera phula, akudya mpunga m'timabokosi. Ataona gulu lovala zakuda anaimirira mwamantha.

Petrache anafotokoza pang'onopang'ono. Wamkulu wa iwo, wa imvi m'mbali, anati dzina lake ndi Prem.

"Mayi anu?" anafunsa m'chilankhulo chodukaduka. Anapukuta manja pa buluku. "Kwathunso timadyetsa anthu. Mayi anga anamwalira ndili kuno. Sindinapite."

Filofteia anayatsa kandulo, koma mphepo ya kumtsinje inaizima. Anayatsanso. Prem anasendera pafupi nkutchinga lawi ndi chikhatho chakuda ndi phula.

"Dzina lawo ndani?"

"Anghelina," anatero Filofteia.

Petrache anatambasula thumba ndi kandulo. Prem analandira ndi manja awiri, nagunditsa thumbalo pamphumi, kenako anayang'ana uku ndi uku, osadziwa chotsatira.

"Nena kuti Mulungu awakhululukire, mwanawe," anatero mayi Zamfira, amene anali atafika akupuma movutikira. "Usangoima ngati mtengo wa magetsi."

Prem ananena, mawu amodzi amodzi, ndipo pamapeto anawonjezera dzina la Anghelina, chimene mwambo sunkafuna.

Filofteia anayang'ana mlongo wake, nsapato zitamatirira phula, mavoti ake ena atatuluka pageti kale, akuwerama kutenga thumba lachiwiri. Anayatsa kandulo ina nkumupatsa m'dzanja.