Zipi ya Diresi la Mkwatibwi

Folo koloko itangokwana, Chete anaphimba makina ake osokera n'kutuluka. Ankamutcha Chete poti pa ntchito sankatsegula pakamwa. Mwini shopu, mayi amene onse ankangowati Abwana, anamuperekeza ndi diso mpaka pamsewu.

"Mwamuona?" Abwana anafunsa telala wamkulu, bambo wa magalasi. "Mayunifolomu khumi tsiku limodzi, enafe anayi akutikanika. Pali chimene akutibisira ameneyu."

"Mwina ali ndi manja anayi," anatero bamboyo.

Abwana sanaseke. Mtima wawo unali utagwira kale mfundo: mtsikanayu amadumpha misoko, apo ayi amakasoketsa kwina.

Mawa lake panali diresi la mkwatibwi, losoka Abwana okha, loti litengedwe folo isanakwane. Linatsala zipi ndi kupinda m'munsi basi. Koma iwo analisiya pampando, n'kunyamula mayunifolomu a Chete kupita nawo kuchipinda chakumbuyo, lezala m'manja. Anasomola yoyamba: msoko wowongoka bwinobwino. Yachiwiri, chimodzimodzi. Pofika yachisanu anali atapsa mtima, chifukwa cholakwa sichinkaoneka. Anaimbira telala wa kuseri kumufunsa ngati Chete amabweretsako ntchito. Uja anakana, koma nkhani inabala inzake, ola lathunthu psiti!

"Odi! Tabwera kudzatenga diresi."

Anali mayi a mkwatibwi. Abwana anayang'ana koloko. Hafu pasiti thuu! Diresi lili pampando pomwe paja, mapini ali yangayanga.

"Ukwati ndi mawa m'mawa, basi yathu ikunyamuka folo," anatero mayiwo. "Mwana wanga avala chiyani?"

Chete anadzuka. Anaona diresi, anaonanso mayunifolomu osomolawo m'manja mwa Abwana.

"Mumafunamo chiyani, mayi?"

Manyazi anawagwira Abwana. "Ndimafuna kudziwa kuti umamaliza bwanji msanga."

"Mukanangondifunsa. Ndimadula zonse m'mawa. Sindisintha ulusi mpaka za mtundu umodzi zitatha. Foni ndimaitsekera m'dirowa. Folo ndimakasambitsa bambo anga, paokha sadzuka." Anatenga diresi lija. "Ine ndiika zipi, inu muzipinda m'munsi."

Pomwepo foni ya Abwana inalira. Dzanja linapita lokha m'thumba. Chete anatsegula dirowa yake n'kungoima. Abwana anaiponya momwemo ikulirabe.

Diresi linatuluka kutatsala mphindi khumi kuti folo ikwane, mayi aja akuthamanga nalo osatsanzika n'komwe.

Folo itakwana, Chete anaphimba makina. Anatola mayunifolomu asanu aja n'kuwasanja bwinobwino patebulo la Abwana.

"Awa ndi anu, mayi. Asukulu abwera mawa eyiti koloko."

Bambo wa magalasi anatsokomola, kubisa chiseko. Abwana anakhala pansi n'kuyamba kulowetsa ulusi. Foni sanaifunse.