Nambala ya Pagalasi

Pamalo oimika galimoto a pamdadada wa nyumba zawo mumzinda wa Daejeon aliyense amadziwa mwambo wake: ukatsekereza mnzako, usamange mabuleki, kuti wotsekerezedwayo akankhe yekha galimoto yako n'kutuluka. Koma kagalimoto kofiira ka ku Ulaya komwe kanatsekereza galimoto ya mayi Pyo, koyendera mafuta ndi batire, kakangozima kamadzimanga kokha. Mayi Pyo anakankha mpaka msana kuwawa, iko osasuntha n'pang'ono pomwe.

"N'ka mayi uja wangosamukira kumene m'nyumba yachitatuyo," anatero a Yeom, alonda apageti. "Zigalimoto zachizunguzi n'zamakani. Imbani nambala ili pagalasipo."

Mayi Pyo anawerama n'kuwerenga. Anawerenganso. Inali nambala ya amuna awo, a Ok, yomwe akhala akuiimba zaka makumi awiri.

Anayesa kudzitonthoza kuti akazi okhala okha amaopa kuonetsa nambala zawo, ndiye amabwereka ya bambo aliyense wapafupi. Komatu a Ok, munthu wosadziwa ngakhale pokhala tsache, mwezi uno ayamba kudzipereka kukataya zinyalala, n'kumakhalako ola lathunthu. Zinyalala zake ziti?

"Imbani ndinu, bambo Yeom. Foni yanga yatha moto." Linali bodza.

A Yeom anaimba, ndipo mawu a amuna awo a mayi Pyo anamveka bwinobwino: "Pepani kwambiri, ndikutsika pompano." Ulemu wakewo, abale. Kunyumba ndi munthu woyankha ndi mphuno basi.

Mayi Pyo anakabisala kuseri kwa chipilala. Ngati a Ok ali ongothandiza, ayamba akagogoda kwa mwini galimoto kukatenga kiyi. Anapemphera chamumtima kuti achedwe.

Sanachedwe. Anatulukira atavala patapata ndi juzi yomwe mayi Pyo anawalukira okha, n'kupisa m'thumba la buluku. Kiyi anali momwemo. Analowa osafunafuna chilichonse, ngati munthu wozolowera, ndipo galimoto inabwerera m'mbuyo osamveka ngakhale phokoso la injini. Apo m'pamene anazindikira kuti galimoto yomwe inatsekerezedwayo inali ya akazi awo. Anaponda buleki.

Mayi Pyo anafika pawindo. Kumbuyo kunali kampando ka mwana komangidwa bwino ndi malamba, pansi pake kansapato kamodzi. Iwowa anazungulira zipatala zaka khumi, mwana osamuona.

A Yeom anapeza mwadzidzidzi chochita kugeti.

"Ali ndi zaka zingati?" anafunsa mayi Pyo, mawu ali pansi.

A Ok anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo.

"Ziwiri."