Kulengeza Kwachitatu

1.
Zolengeza za sabata ino:
Kusesa m'tchalitchi, Mphakati wa Monika Woyera. Bwerani ndi matsache anu, a parishi adatha.
Ana a Ukaristia woyamba, Loweruka m'mawa. Makolo musawatume kudimba.
Amene adaiwala ambulera yakuda pamaliro a bambo Zakeyu akaitenge ku ofesi.
Ukwati, kulengeza koyamba: Jerevaziyo Gwedeza ndi Perepetuwa Chikadza. Ngati alipo wodziwa choletsa ukwatiwu, akaonane ndi Bambo Mfumu.

2.
Owerengawo ndi mayi Otiliya, mlembi wa parishi. Zaka khumi ndi zinayi ali pa maiki, ndipo sanapunthwepo pa dzina la munthu, ngakhale maina aatali a alendo aja. Jerevaziyo ndi mwana wawo, mmodzi yekhayo. Amayi a kwaya adaliza nthungululu mpaka njiwa za kudenga kuuluka.

Mayi Otiliya adapinda pepala kanayi.

Choletsacho akuchidziwa. Dzina lake ndi Esinati. Ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu kumene Jerevaziyo ankagwira ukalaliki, ndipo ali ndi khanda la miyezi isanu ndi inayi.

3.
Iwe wa pa benchi yomaliza, iwe wa mwana kumsana, wayenda kuyambira mbandakucha kuti udzadzimvere wekha. Wamva. Dzina la mwamuna wako, ndi dzina la mkazi wina pambali pake. Sungaimirire, pano ndiwe mlendo, akukhulupirira ndani? Maso ako ali pa duku la apongozi ako kutsogolo uko. Iwo akudziwa. Iwo ayankhula.

4.
Lolemba mayi Otiliya adamupeza Jerevaziyo pamsika, pamene amakonzera njinga zamoto, manja ali bii ndi oyilo.

Jere, Bambo Mfumu udawauza chiyani atakufunsa?
Kuti sindinakwatirepo.
Nanga Esinati?
Amayi, zija sizinali za kutchalitchi. Zinali za kumudzi chabe.
Za kumudzi chabe? Tambala uja adanyamula ndani?
Tsitsani mawu, anthu akumva.
Perepetuwa akudziwa?
Adzadziwa tikachoka paguwa. Pamenepo n'kutatha.

Koma mwana ameneyu, abale! Adapukuta manja pa kansanza, n'kuwayang'ana amake ndi maso omwe aja ankapempha nawo chitumbuwa ali wamng'ono.

Mukandiulula, ndiye kuti mulibe mwana. Mwamva, amayi? Ndidzapita, ndipo ngakhale maliro anu ndidzangowamvera pa foni.

5.
Zimene mayi Otiliya adanyamula popita ku chinkhoswe ku Kasungu, zaka ziwiri zapitazo:
tambala wofiira,
lichero,
mthiko ndi chipande,
mphasa yatsopano,
nthungululu. Zawo zomwe. Palibe adawakakamiza.

6.
Lamulungu lachiwiri. Bambo Mfumu, munthu wamawu ofatsa amene amalalikira ngati akukufunsa njira, adati pali tchimo lina lopanda phokoso. Silituma dzanja, silituma mwendo. Limangokhala pa benchi, lavala bwino, likuyankha amen pamodzi ndi anzake. Ndilo tchimo la munthu woona nyumba ya mnzake ikufuka utsi, iye n'kumati mwina akuotcha zinyalala.

Mayi Otiliya adayang'ana pa pepala lawo. Kodi awauza ndani Abambowa? Palibe. Ulaliki umatero, ukakhala ndi chilonda umangogunda pomwepo.

Adaimirira. Adawerenga za kwaya, za kukonza mpanda wa kumanda, za odwala ofuna kudzozedwa. Kulengeza kwachiwiri. Ngati alipo wodziwa.

Adapinda pepala kanayi.

7.
Wabweranso, iwe wa pa benchi yomaliza. Mwana akulira, mayi wina wakutembenukira kuti utuluke naye. Sukutuluka. Wamuika bere m'kamwa, maso ali pa duku lomwe lija. Duku silikugwedezeka. Ukudziuza kuti akudikira Lamulungu lachitatu, akuluakulu sathamangira zinthu.

8.
Lachinayi masana kudabwera Perepetuwa, mphunzitsi wa ana a mkaka pa parishi, mwana wa mayi Chikadza amene mayi Otiliya amakhala nawo benchi imodzi ku gulu la mapemphero la Lejiyo, adabwera ndi nsalu ziwiri m'jumbo kuti amayi sankhani ya anthu a kuchimuna, iyi ya buluu kapena iyi ya maluwa, ndipo adagwada powapatsa ngati kuti ndi apongozi ake kale, akuseka, akusimba za diresi lobwereka kwa msuweni wake, za nyimbo yolowera imene kwaya yayamba kale kuphunzira, za bambo ake amene alonjeza kuvala jekete koyamba chibadwire, ndipo mayi Otiliya ankangoti eya mwanangu, eya mwanangu, akusisita nsaluyo, mumtima akuti khoswe wakhala pa mkhate, ndikamenya ndiswa mwana wanga, ndikaleka ndiswa mwana wa mnzanga, ndipo uko ku Kasungu kuli wina amene ndidamusiyira mthiko m'manja n'kumuuza kuti usaope, ine ndine mayi ako tsopano

Ya buluu, adatero.

9.
Lachisanu adafika mpaka pakhomo la ofesi. Adagogoda, ndithu adagogoda.

Lowani, mayi mlembi. Mwabwera bwino, maiki ija ikumalira ngati mwana wa mbuzi, tipeze woikonza.
Chabwino, Abambo.
Munali ndi mawu?
Ndimati... za matsache. Sitinagulebe.
Basi?
Basi, Abambo.

Ha! Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu, wotsogolera kolona pamaliro alionse a m'parishi, kukanika mawu atatu. Potuluka adachita manyazi ngakhale kuyang'ana mtanda wa pabwalo.

10.
Mantha.

11.
Mantha a nyumba yopanda wogogoda. Mantha odwala popanda wokuthamangitsira kuchipatala. Mwana adamulera okha, ndi zigumu ndi maganyu, ndipo amamukonda, bodza lake lonselo amamukondabe. Tisanamizane, ambiri a ife tikadapinda pepalalo kachitatu n'kupita kukasoketsa ya buluu.

12.
Lamulungu lachitatu. Tchalitchi chadzaza mpaka m'mawindo. Jerevaziyo ali kumanja, malaya oyera. Perepetuwa ali kumanzere, pakati pa amake ndi azakhali ake.

Zolengeza za sabata ino:
Kusesa, Mphakati wa Yosefe Woyera.
Ubatizo wa makanda, mwezi wamawa. Makolo onse awiri abwere.
Makolo onse awiri.
Pepani. Ambulera ija ikadali ku ofesi.
Ukwati, kulengeza kwachitatu, komaliza: Jerevaziyo Gwedeza ndi Perepetuwa Chikadza. Ngati alipo wodziwa

Maiki idalira. Mayi Otiliya adakweza maso, ndipo maso adadutsa mitu yonse mpaka pa benchi yomaliza. Panali agogo awiri ndi mpata pakati pawo. Esinati sadabwere. Akanabwera bwanji? Sakudziwa n'komwe, akuyesa mwamuna wake akufuna nyumba yoti adzawatenge.

13.
Wa pa benchi yomaliza uja unali iwe, Otiliya. Parishi ina, zaka makumi atatu zapitazo. Dzina lowerengedwa linali Sitefano Gwedeza, ndipo wolira kumsana anali Jere. Apongozi ako, amene adavina pa chinkhoswe chako mpaka kuduka patapata, adakhala kutsogolo Malamulungu atatu akuwerenga mikanda ya kolona. Lamulungu lachitatulo udawadikira panja. Adakudutsa, n'kukupatsa moni wa mlendo. Sitefano udamukhululukira kalekale, ngakhale Misa ya mzimu wake udapereka. Koma duku lija, ayi. Zaka zonsezi umalapa zina n'kusiya limenelo.

Lero duku lili pamutu pako.

Anthu ayamba kutsokomola. Bambo Mfumu atembenuka pa mpando wawo. Jere akupukusa mutu pang'onopang'ono, milomo ikuti amayi, amayi.

Mayi Otiliya adayala pepala lija pa gome, osalipinda. Adayang'ana Perepetuwa, chifukwa iyeyo ndiye woyenera kuyang'anidwa m'maso.

Alipo, adatero. Ndine.