Dzanja la a Tiikize

Mjigo wa pasukulu pathu unafa chifukwa cha kamphira kamodzi, kamphete kakuda kongokwana pamkono wa khanda. Mmisiri atasolola mapaipi anandionetsa kamphirako katang'ambika, nati, "Ahedi, mukangondipezera aka, ndi ntchito ya ola limodzi basi."

Ola limodzi lija linasanduka masabata atatu. Ana mazana anayi ankabwera ndi madzi m'timabotolo, ikamakwana teni koloko onse atha, fungo la zimbudzi likufika mpaka m'kalasi la ana aang'ono. Wazaumoyo atabwera anandiuza mosapsatira kuti Lachisanu akadzapeza mjigo uli chete, adzaika loko pageti. Apa n'kuti mayeso a ana a kalasi lomaliza atangotsala mwezi umodzi.

Sukuluyi ndi ya bungwe. Bungwe lathulo limamanga masukulu, limakumba mijigo, limagawa mbuzi m'midzi, ndipo chilichonse limachiyamba ndi pemphero. Ine ndi pemphero tilibe mlandu, nanenso ndimagwada. Amene anandikwana ndi mkulu wa bungwelo, amene tonse kumbali timawatcha a Tiikize. Ukawauza kuti denga likudontha, amakugwira paphewa n'kunena kuti, "Tiikize m'mapemphero, mlongo." Choko chatha, tiikize. Mphunzitsi wathawa, tiikize. Za mjigowo ndinalemba makalata atatu, ndipo sindikukayika kuti onse anaikizidwa bwinobwino.

Lachitatu ndinasiya sukulu m'manja mwa wachiwiri wanga, n'kulawirira ku ofesi ya bungwe. Wosunga katundu, bambo wofatsa wa magalasi omanga ndi waya, ananditsegulira chipinda chake. Timphira tija tinali pamsomali, toposa makumi awiri, titachita kuyera ndi fumbi.

"Ndipatseni kamodzi, achimwene."

"Ndikanakonda, ahedi, koma fomu iyi asaine kaye bambo."

"Ndiye asaine."

"Asanapemphere sagwira za ntchito."

"Nanga akapemphera?"

"Amathamangira kumisonkhano. Fomu yanuyi ndapita nayo katatu, ndabwera nayo katatu."

Kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi ndiye kumeneko. Ndinayang'ana msomali uja, n'kuyang'ana chikwama changa, ndipo ndisaname, maganizo akuba anandifikira. Koma ntchito ikanawathera achimwene a magalasiwo, ine ndili phee.

Belu la mapemphero litalira tonse tinalowa m'chipinda cha mabenchi. Kutsogolo kuli tebulo loyala nsalu yoyera, maluwa apulasitiki, ndi kabokosi ka zopempherera. Aliyense amene ali ndi chomuvuta amaponyamo kapepala, ndipo a Tiikize amatifunyulula kamodzikamodzi n'kuwerenga mokweza. Ndili pabenchipo ndinazindikira kuti m'bungwe lonseli, kabokosi aka ndi kokhako kamene makalata ake amawerengedwa tsiku lomwelo. Ndinang'amba pepala m'kope langa, ndinalemba mtima ukutentha, ndinaponyamo.

Anayamba ndi apongozi a wina amene anali m'chipatala, kenako mwana wa wina wosamva. Kachitatu kanali kanga.

"Tipempherere m'bale wathu amene dzanja lake lamanja lauma," anawerenga a Tiikize ndi mawu achisoni.

"Ambuye chitirani chifundo," anthu anayankha.

"Patha masabata atatu likulephera kugwira cholembera, kuti lisaine fomu ya kamphira ka mjigo, ndipo Lachisanu ana mazana anayi..."

Anaimira pomwepo. Dalaivala wa bungwe anatsokomola chifuwa chabodza n'kutuluka panja. Mlembi anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka.

"Walemba izi ndani?"

"Ndine, bambo," ndinatero ndikuimirira. "Malizani kuwerenga. Kumunsiko kuli ana."

Sanamalize. Anaitanitsa fomu ija, nasainira patebulo la nsalu yoyera pomwepo, cholembera chikuchita ngati chiboola pepala. Pemphero lotsekera linali lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo m'chipinda chimenecho.

Wosunga katundu pondipatsa kamphirako anandinong'oneza, "Mwaputa mavu, ahedi."

"Andilume, bola ana amwe."

Lachinayi mmisiri anamaliza ntchito ola lake lija lisanakwane n'komwe. Madzi anayamba kutuluka ofiirira, kenako oyera, ana akukuwa ngati timu yawo yagoletsa. Lachisanu wazaumoyo anabwera ndi loko wake, anapopa yekha, anasamba m'manja, anayendera zimbudzi, n'kubweza lokoyo m'chikwama. Ndinapuma mpweya umene ndinausunga masabata atatu.

Wazaumoyo asanazimiririke n'komwe pamsewu, galimoto la bungwe linatulukira pageti. Galimoto lomwelo limene nthawi yonseyi ankati lilibe mpata wobwera kuno. Dalaivala anatsika, nandipatsa envulopu maso ali pansi.

Kalatayo inali yaifupi. Inati ndanyoza mapemphero pamaso pa antchito anzanga, choncho ndaimitsidwa ntchito, ndipo makiyi ndipereke kwa wachiwiri wanga lero lomwe. Mzere womaliza unati, "Tikukuikizani m'mapemphero." Pansi pake panali saini yaikulu, yopindika bwino, yodzadza theka la pepala.

"Analemba okha dzulo," anatero dalaivala. "Sanatume ngakhale mlembi. M'mawa muno andilawiritsa kuti isagone."

"Ndiye kuti dzanja lija linachira."

Anafuna kuseka koma zinamukanika. Inenso zinandikanika. Zinandiwawa kwambiri, zaka khumi ndi ziwiri pasukulu imeneyi, ana amene ndinawalandira akulira pageti tsopano akukonzekera mayeso, ndipo ine sindidzakhalapo powatsanzika. Fomu ya kamphira inatenga masabata atatu, kalata yondichotsa inatenga tsiku limodzi.

Ndinakapereka makiyi, ndinatenga kapu yanga ndi kope langa m'kabati. Potuluka ndinapeza dalaivala ataima pafupi ndi mjigo, kumbuyo kwa mzere wa ana, akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Ahedi, pepani. Ndingamweko?"

Ndinaika katundu wanga pansi, n'kumupopera ndekha.