Masamba Aawisi pa Mizinga ya Nsungwi

Khiem anali msilikali wa mizinga yogwetsera ndege, koma mizinga yake isanu ndi umodzi sikanagwetsa ngakhale khwangwala. Inali ya nsungwi ndi mphasa, yopakidwa laimu. Yeniyeni inali kuseri kwa phiri, komwe mng'ono wake Tuyen ankagwira ntchito pa makina oonera ndege. Ntchito ya Khiem inali yakuti ndege za Amereka ziziona yakeyo, zizikhuthulira mabomba pamenepo, zisafike kuphiri. N'chifukwa chake ankaiphimba mwaulesi dala, ndi masamba ofota a masiku atatu, nsonga zoyera zikusuzumira.

M'mawa wina, pochokera kotunga madzi, mtima unamulumpha. Mayi Nhuan ndi anzawo a m'mudzi anali atachotsa zofota zonse n'kuvundikira mizingayo ndi nthambi zaziwisi, mwaluso ngati akufolera nyumba. Mwiniwakeyo akanadutsa osaiona.

Mayiwo, akupukuta thukuta, anamuuza monyadira kuti zinkawamvetsa chisoni kuona mwana wa eni akusunga zida za dziko mosasamala chotero, moti anasiya kuwokera mpunga kuti amuthandize. Sanamalize n'komwe. Kumudzi kunalira chitsulo chochenjeza anthu.

Ndege zinayi zinatulukira chakunyanja. Zinadutsa pamwamba pawo osakhota ngakhale pang'ono, zikulunjika kuphiri. Khiem anachita mantha amene sanawamvepo chiyambire nkhondoyo, ndipo sanali oopera moyo wake koma wa Tuyen.

"Mayi, tengani anzanu mukalowe m'dzenje lobisalamo lakutali lija. Musatuluke."

"Nanga iwe mwanawe ukupita kuti?"

"Kukagumula ntchito yanu."

Anathamanga. Amayi aja anali atamanga nthambizo ndi luzi, mfundo zake zosamasulika, za anthu odziwa kumanga mitolo. Anadula ndi chikwanje, kwina kukoka ndi manja mpaka zikhatho kuchucha magazi. Mzinga woyamba unati mbee padzuwa, kenako wachiwiri, wachitatu. Anayatsa mgolo wa utsi umene ankanamizira nawo kuwomba. Ndege zinkangocheperachepera.

"Tandionani, agalu inu," ananong'ona.

Yakumbuyo inapendeketsa phiko. Zinzake zinatsatira. Khiem anaseka yekha, kusangalala kuti akubwera kudzamupha iye.

Dzenje linali patali ndithu, koma akanafikako. Atangoyamba liwiro anacheuka, n'kuona Mayi Nhuan atatuluka, nsalu yakumutu itagwa, akumasula mfundo zawo pa mzinga wachinayi. Khiem anabwerera komwe kunali mayiwo.