Mfumukazi yathu inalira bwino kwambiri

ayi dikira kaye Roser usandidule kkkk, za Ximo ndikuuza pambuyo, yamba wamva izi. Mawa woyatsa moto ndine. INE!! Neus yemwe uja unkamuseka kuti akavala diresi lachikondwerero amayenda ngati bakha. Chidole cha kalabu yathu chomwe timaotcha pachikondwerero chija, chaka chino ndi chachitali mpaka kufika pakhonde la agogo ako, ndine ndikachiyatse msewu wonse ukundiyang'ana.

Eya ndikudziwa, amayatsa ndi mfumukazi ya kalabu, ndipo mfumukazi yathu chaka chino ndi Empar. Nkhani yake ndi imeneyo. Empar ali kuchipatala. Usadzidzimuke ali moyo kkkk, pepa sindikuseka zimenezo, kungoti chimwemwe chandikwana thupi lonse.

Iwe unasamuka kuno ku Valencia zisanayambe ndiye sunaone. Chimuvekereni lamba wa paphewa uja, Empar sanakhalepo pansi. Lero phwando la kalabu yathu, mawa la kalabu ya msewu wakuseri, mkuja kukajambulitsa ndi akuluakulu, kenako mpikisano wophika mpunga wa paeya, alawe mphika uliwonse n'kunena kuti ukukoma. Mwana wa membala akubatizidwa, Empar. Maliro, Empar. M'mawa sukulu. Ndipo ukudziwa kuti kalabu ina ikatiitana sitikana, tikapanda kupita iwonso sadzabwera kwathu, holo n'kukhala mipando yokhayokha, manyazi ake amenewo. Ife omuperekeza timasinthana, wina akatopa amanamizira mayeso. Mfumukazi ilibe wosinthana naye.

Ine ndinkasirira koopsa, sindikunama. Kulikonse akalowa anthu amaimirira, bandi n'kuyamba. Iye n'kumandinong'oneza kuti "Neus, ndikufuna bedi langa." Ine "iwe usatinyanse, tipatse lambayo ngati wakulemera" kkkk

Mwezi watha anagwa m'kalasi. Adokotala anati magazi achepa kwambiri, mtima ukuthamanga, asiye zonse apume, apo ayi zidzafika poipa. Mayi ake anamvetsera bwinobwino n'kuti "zikomo adokotala, apuma chikondwerero chikatha." Nawenso ukuwadziwa, anamulembetsa mukalabu asanayambe n'kukwawa komwe, diresi lake akhala akulikonzekera moyo wonse. Ndipo si iwo okha ayi. Ine ndinamufunsa Empar kuti bwanji osangosiya, anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Akuti "ndikasiya pano, adzandiloza mpaka ndili nkhalamba, uyo ndi uja analephera." Anangoti angofika pabwalo, apereke maluwa kwa Amayi Maria, ayatse moto, basi akagone mwezi wathunthu.

Ndiye Lolemba m'mawa tili kwa azakhali a Pepita, omanga tsitsi aja, ine ndagwira mbale ya mapini. Atamasula mbali ya kukhutu ndinaona kadazi, Roser, kukula ngati chivindikiro cha botolo, kofiira, konyowa. Pomwe pini imalowa tsiku ndi tsiku paja.

Ndinakuwa "azakhali taonani!"

Iwo akuti "ukukuwa chani ngati waona khoswe? Mfumukazi yopanda dazi ndiye kuti sinagwire ntchito. Taona changa ichi." Anaweramitsa mutu n'kupatula tsitsi, nawonso anali nacho, chosalala ngati dzira. Akuti sichinamerenso chichokereni nthawi yawo. Amayi onse m'saluni kuseka, wina naye kuonetsa chake, inenso ndinaseka mpaka mapini kutayika kkkkk. Empar anangoti "pakuwawa azakhali." Iwo "kukongola kumawawa mwanawe, gwira mpando." Anaphimba ndi tsitsi logula, pini n'kulowanso pomwepo.

Chichokereni Lolembalo sanamasulenso mutu n'kamodzi komwe, mitolo itatu ya tsitsi ija ndi zipeso zachitsulo zimatenga m'mawa wonse, ndiye amagona chokhala atakulunga kaukonde. Kugona kwake kuti, anyamata amayamba makombola kusanache, pansi pa windo lake penipeni, ati kudzutsa mfumukazi. Kudya sakudya chifukwa diresi limamanga pamimba. Zitumbuwa za maungu zomwe anthu amamupatsa ndimadya ndine kkkk ndanenepa iwe. Iye ndi tizakumwa ta m'chitini ndi mapilisi a mutu basi, ndimamusungira m'chikwama changa.

Tsopano dzulo, tsiku la maluwa. Tinaima padzuwa kudikira kuti mzere wathu unyamuke, kuima kokhakokha mpaka zidendene kufa. Empar anandikoka chovala akuti "Neus, msewu ukupendekeka."

"Ndi nsapato zimenezo."

"Ayi, sindikuona bwino. Tayenda pafupi nane."

Ndinkafuna, zoona. Koma bambo Batiste, apampando a kalabu, anabwera ndi wenzulo wawo. "Iwe Neus, kutsogolo ndi anzako! Mfumukazi imayenda yokha, kodi mwabadwa lero? Anthu aione bwino." Ndiye ndinapita kutsogolo, iye kumbuyo yekhayekha, malo aakulu uku ndi uku, bandi pambuyo pake.

Ukudziwa kuti aliyense amalira akakhota pakona paja n'kuona chifaniziro cha Amayi Maria, chitalitali, atachiveka maluwa. Ngakhale iwe unalira chaka chija usakane. Koma Empar anayamba kulira tidakali kutali, bwalo lisanaoneke n'komwe. Ndinacheuka, misozi ili mbwembwembwe, pakamwa pali yasa ngati nsomba, maluwa akugwedezeka m'manja. Anthu m'mbali mwa msewu anapenga! M'manja, m'manja, "wokongola! wokongola!" Agogo ena anadzilemba mtanda akuti "taonani chikhulupiriro, ana a masiku ano alipo ndithu." Bambo Batiste akuthamanga chammbali thukuta lili kamukamu, "jambulani! Wayamba kulira tisanafike, kalabu iti ina ili ndi wotere? Jambulani!"

Inenso ndinaomba m'manja, zinali zokongola iwe, ukanaona.

Tinalowa m'bwalo, dzina lake likutchulidwa pa chimkuzamawu. Anayenda pang'ono, n'kugwa chogwada, mawondo onse awiri pamiyala, phu. Bwalo lonse linati wagwada kupemphera. Kuomba m'manja kwake ngati mvula pamalata, bandi inakweza, amayi ena kuseri kwa zitsulo nawonso kugwada. Mayi ake akulira n'chimwemwe akugwira anthu osawadziwa, "ndi wanga ameneyo, ndi wanga!" Iye ali chigwadire, mutu pansi. Anakhalitsa. Palibe anapita, ungasokoneze bwanji munthu akupemphera?

Kenako anangopendekeka n'kugona chammbali, chipeso n'kulira pamwala. Milomo yoyera ngati pepala.

Apo ndiye chipwirikiti. A ambulansi atafika anafuna kudula diresi kuti apume bwino, mayi ake akukuwa "osadula nsalu, pali zingwe kumbuyo!" anadula basi. Koma kumbuyo kwathu kunali makalabu ena ambirimbiri akudikira, mzere suima, ukudziwa. Maluwa ake anali pansi pafupi ndi phazi langa. Bambo Batiste anawatola n'kundikankhira pachifuwa, "pereka iwe, fulumira, ndipo umwetulire."

Roser. Ndinayenda NDEKHA pakati pa bwalo. Ndinapereka maluwa a mfumukazi ndi manja angawa. Ndinaoneka pa kanema!! Azakhali anga a kumudzi anandiona, anaimba foni akulira kkkk. Ndipo Ximo, wa lipenga uja, ati anaphonya nyimbo chifukwa choyang'ana ine, koma zimenezo ndati pambuyo

Kuchipatala amuika madzi ndi magazi. Mayi ake anauza amayi anga kuti pochotsa mapini tsitsi linatsatira, mbali yonse ya kukhutu, ndipo chilonda chija chinali chitayamba mafinya. Mtima akuuyang'anirabe, sakumulola kudzuka. Adokotala ake omwe aja anabwera, ati anangowayang'ana mayi ake mpaka iwo anatuluka panja.

Kanema wa kugwada uja wafalikira paliponse, amadula asanagwere chammbali. Pansi anthu akulemba timitima ndi "ameni."

Lero m'mawa bambo Batiste anabwera kwathu ndi chipewa m'manja. Akuti moto sungayake wopanda mfumukazi, ndiye komiti yagwirizana kuti ndiyatse ndine. Komanso, gwira mpando, akuti chaka chamawa ndilembetse dzina, palibe angapikisane nane!!! Amayi anga anakhala pansi m'khitchini n'kuyamba kulira. Azakhali a Pepita anandigwira tsitsi n'kulikoka akuti "ili ndi lambiri, lipirira." Andimanga kale kuti ndizolowere, mutu ukugunda ngati ng'oma ya bandi ndipo sindinagone bwino chiyambire sabata koma ndani akusamala kkkk, ndamwa timapilisi ta Empar tija tinatsala m'chikwama.

Kuchipatala sindinapite, ndimafuna, koma masana kuli nkhomaliro ya kalabu, kenako a msewu wakuseri atiitana, kenako kujambulitsa, ndipo tsopano sindinganamizire mayeso. Ndiye ndamulembera uthenga, ndamuuza zonse, kuti asadandaule moto uyaka, ndi za chaka chamawa zomwe, ndaikapo timitima tambirimbiri. Ndimaopa kuti akwiya. Wayankha pompano, taona wekha undiuze ngati wakwiya, ine sindikumvetsa:

"Zabwino zonse Neus. Lamba ali ndi amayi, kamutenge. Mapini ali m'kathumba, anamwino awatsuka. Uwauze azakhali a Pepita asamabaye malo amodzimodzi. Ukadzaona msewu ukupendekeka ukhale pansi pomwepo ndipo ukuwe, usalire, ukalira palibe adzabwere. Kuno ndagona tsiku lonse, palibe wandiitana kulikonse. Usauze munthu, koma sindikufuna kutuluka."